Chisoti cha Dzino: Chatsiku Lomwelo Kapena cha Mmisiri?

Mayi wina, mphunzitsi wa pasukulu yapulaimale m'boma lakutali ndi mzinda, adaluma kamwala mumpunga tsiku lina madzulo, ndipo dzino lake lotafunira, limene lidamatidwapo zaka zam'mbuyo, lidabenthuka mbali imodzi. Kuchipatala chapafupi adamuuza kuti chimene akadatha kumchitira pomwepo n'kulizula. Iye sadafune, pakuti dzino loyandikana nalo lidazulidwa kale, ndipo mbali imeneyo ikadatsala yopanda chotafunira. Motero adapempha tchuthi cha masiku aŵiri, nakwera basi kunka kumzinda. Dokotala wa mano atajambula dzinolo adapeza kuti muzu wake ngwabwino, ndi kuti likhoza kupulumuka ngati litavekedwa chisoti. Kenaka adamfunsa funso limene mayiyo sadaliyembekezere: kodi akufuna chisoti chosemedwa ndi makina tsiku lomwelo, kapena choumbidwa ndi mmisiri wa kulabotale, chimene chifunika kudikira milungu iŵiri kapena itatu?

Chisoti cha dzino, chimene madokotala amachitcha crown, n'chovindikira cholimba chofanana ndi dzino lenileni, chimene amachimata pamwamba pa dzino lofooka kuti chiligwire mbali zonse monga mkombero ugwirira lichero. Chimafunika pamene dzino labooka kwambiri kotero kuti chomatira wamba sichingakhale, pamene lang'aluka, kapena pamene mtsempha wake wachotsedwa ndipo latsala ngati chigoba. Kuti chisoticho chipeze malo, dokotala amayamba wapala dzinolo kuzungulira ndi pamwamba, nachotsa milimita imodzi kapena ziŵiri. Chimene chapalidwa sichimeranso. Dzino lovekedwa chisoti lidzafuna chisoti moyo wake wonse, ndipo n'chifukwa chake funso la dokotala uja si laling'ono monga limvekera.

Njira ya mmisiri ndiyo yakale. Pafupi ndi chaka cha 1900, dokotala wa mumzinda wa Detroit ku America, Charles Land, adapeza njira yovekera dzino lonse ndi porcelain, dongo loyera lootcha la mtundu wa makapu a tiyi. Land ameneyu ndiye gogo wake wa Charles Lindbergh, uja adaoloka nyanja ya Atlantic yekha pandege mu 1927. Zisoti zakezo zinali zokongola koma zosachedwa kusweka. Mu 1907 William Taggart wa ku Chicago adaonetsa njira youmba chinthu ndi phula, kulikuta ndi chikombole, kusungunula phulalo, ndi kuthira golide wamadzimadzi m'malo mwake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 amisiri adayamba kuphatikiza ziŵirizi, chitsulo mkati ndi porcelain kunja, ndipo chisoti chotere chidakhala chodalirika koposa kwa zaka makumi angapo.

Panjira imeneyi wodwala amafika kuchipatala kaŵiri. Ulendo woyamba amabayidwa jekeseni wadzanzi, dzino limapalidwa, ndipo dokotala amamlumitsa phala lapadera limene limauma m'mphindi zoŵerengeka n'kukhala chikombole cha mano ake. Chikombolecho chimapita kulabotale pamodzi ndi kalata yofotokoza mtundu wa mano a wodwalayo. Podikira, dzino lopalidwalo limavekedwa chisoti chongoyembekezera chapulasitiki, chomatidwa ndi simenti yofooka mwadala kuti chidzachoke mosavuta. Ulendo wachiŵiri chisoti chenicheni chimayesedwa, kuwongoleredwa ndi kumatidwa.

Vuto la njirayi lili pamilungu yodikirayo. Chisoti chongoyembekezera chimatha kuguluka munthu akudya nyama yolimba kapena chimanga chokazinga, ndipo dzino lopalidwa likakhala pamtetete limanyerenyetsa ndi madzi ozizira ngakhale ndi mphepo. Likakhala losavala masiku angapo, mano oyandikana nalo amasendera pang'ono, kotero kuti chisoti chenicheni chikafika chikhoza kukana kuloŵa. Munthu wa mumzinda angathamangire kwa dokotala tsiku lomwelo, koma wokhala ulendo wa tsiku lathunthu pabasi sangatero.

Njira yatsiku lomwelo idachokera ku Ulaya. Dokotala wa ku France, François Duret, adayamba m'zaka za m'ma 1970 kulingalira zojambula dzino ndi kuŵala m'malo mwa chikombole. Koma makina oyamba kugwira ntchito m'chipinda cha dokotala adapangidwa pa yunivesite ya Zurich ku Switzerland ndi Werner Mörmann, dokotala wa mano, pamodzi ndi injiniya Marco Brandestini. Makinawo adawatcha CEREC, ndipo wodwala woyamba adathandizidwa nawo mu 1985. Poyamba ankasema tizidutswa tomatira m'mabowo basi. Zisoti zathunthu zidayamba m'zaka za m'ma 1990.

Dzino limapalidwa chimodzimodzi, ndipo jekeseni ndi yemweyo. Kusiyana kumayamba pambuyo pake. Dokotala amayendetsa kamera yaing'ono m'kamwa, ndipo chithunzi cha mano chimaoneka pakompyuta ndi mbali zake zonse. Pamenepo amakonza maonekedwe a chisoti, natumiza kumakina osemera amene ali m'chipinda chomwecho kapena choyandikana nacho. Makinawo amatenga kachibuma kolimba konga chala chachikulu, ndipo timisomali tiŵiri tokutidwa ndi dayamondi timakasema m'madzi kwa mphindi 10 kapena 20. Mtundu umodzi wodziŵika wa zibumazi, wotchedwa lithium disilicate, umasemedwa udakali wofeŵerapo ndi wobiriŵira modera, kenaka umaotchedwa mung'anjo yaing'ono pa madigiri pafupifupi 850 kwa mphindi zosakwana 30, n'kutuluka wolimba ndi wamtundu wa dzino. Ntchito yonse imatenga maola aŵiri kapena kupitirirapo pang'ono. Palibe chisoti chongoyembekezera, palibe jekeseni wachiŵiri, ndipo amene amachita mseru ndi phala la chikombole amapumula.

Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti nkhaniyi ndi mpikisano wa manja a munthu ndi makina. Maganizo ameneŵa adali oona kale, koma lero sali oona. Malabotale ambiri amakono amagwiritsanso ntchito kompyuta ndi makina osemera, ndipo madokotala ena amajambula ndi kamera n'kutumiza chithunzicho kwa mmisiri pa intaneti. Chimene labotale ili nacho choposa ndi nthaŵi, mitundu yambiri ya zipangizo, ndi maso a munthu amene ntchito yake tsiku lonse n'kuumba mano basi.

Pa za kulimba, kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene ogulitsa mbali zonse ziŵiri afunira kuti anthu akhulupirire. Akatswiri amene adasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2015 adapeza kuti pazisoti 100 zilizonse, pafupifupi 95 zimakhala zidakali m'kamwa patapita zaka zisanu, kaya ndi zachitsulo chokutidwa ndi porcelain kapena za lithium disilicate. Chimene chimapha chisoti kaŵirikaŵiri ndi mzere umene chisoticho chimakumanira ndi dzino pafupi ndi nkhama. Chisoti sichiwola, koma dzino la pansi pake limawola, ndipo ngati pamzerepo patsala kampata, zakudya zimaloŵa n'kuyamba ntchito yake mobisika. Mzere umenewu umadalira dzanja la dokotala popala dzino. Dzino lopalidwa molakwika silingakonzedwe ndi mmisiri waluso kapena makina odula.

Pamzere pomwepa ndi pamene kamera imafookera. Kamera imajambula zimene ikuona basi. Ngati dzino labenthukira pansi pa nkhama, kapena nkhama zikutuluka magazi, kapena malovu achuluka, chithunzi chimasokonezeka pamalo ofunika koposa. Phala la chikombole nalonso limadana ndi magazi, komabe limatha kuloŵa m'kakhwaŵa kamene kuŵala sikufika. Pazotere dokotala wanzeru amaveka chisoti chongoyembekezera, nadikira kuti nkhama zipole. Chimodzimodzinso pamene dzino likuŵaŵabe ndipo sizikudziŵika ngati mtsempha wake upulumuka: milungu yodikira ija, imene ena amaiona ngati chilango, imakhala nthaŵi yoliyesa. Kuli bwino kudziŵa kuti mtsempha uyenera kuchotsedwa chisoti chokwera mtengo chisanamatidwe, kusiyana n'kudzachiboola chili chatsopano. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mano akutsogolo ali ndi nkhani yawoyawo. Dzino lachibadwa silikhala la mtundu umodzi: kufupi ndi nkhama limaderako, kunsonga limaonekera pang'ono ngati galasi, ndipo lili ndi timizere ndi timaŵanga take. Chisoti chosemedwa kuchokera m'chibuma chimodzi chikhoza kupakidwa utoto pamwamba chisanaotchedwe, koma mmisiri amasanja porcelain muyalo ndi muyalo ndi kaburashi, mpaka mtundu utachokera mkati monga uchitira m'dzino lenileni. Zimenezi zimakhudza makamaka anthu amene adakulira m'madera ena a Malaŵi kumene madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ali ndi mchere wa fluoride wochuluka, umene umasiya mano ali ndi maŵanga oyera ndi ofiirira. Mnyamata wotere akathyoka dzino limodzi lakutsogolo n'kuvekedwa chisoti choyera mbee pakati pa anzake amaŵanga, aliyense adzadziŵa pamene pali chovala. Kufananiza dzino limodzi ndi lina lotere ndi ntchito yovuta koposa, ndipo yoyenera kupatsidwa mmisiri, makamaka ngati angaone wodwalayo ndi maso ake.

Palinso anthu okukuta mano kutulo, amene amaphwanya porcelain monga mbale yogwa pasimenti. Kwa iwoŵa golide akadali wopambana pa mano otafunira: safuna kupala dzino kwambiri, sasweka, ndipo sapereseza dzino limene akulumana nalo. Koma golide amatsanulidwa kulabotale basi, ndipo mtengo wake wakwera zedi. M'malo mwake ambiri amaveka zirconia, mwala woyera wolimba kwambiri umene kale unkaotchedwa maola ambiri pa madigiri pafupifupi 1,500. Ng'anjo zatsopano zidafupikitsa nthaŵiyo, kotero kuti zipatala zina zimatha kuveka zirconia tsiku lomwelo. Mano atatu kapena anayi olumikizana otseka gwelu, kaŵirikaŵiri amapitabe kwa mmisiri.

Sikuti munthu aliyense adzapatsidwa mwayi wosankha. Makina osemera ngokwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima ndi zibuma zoitanitsa kunja, motero sapezeka m'chipatala chilichonse. Madokotala a mano nawonso akadali ochepa m'Malaŵi, pakuti maphunziro awo a digiri adayamba m'dziko muno mu 2019 pa College of Medicine ku Blantyre. Amene wapatsidwa mwayiwo ayenera kufunsa mtengo wa njira zonse ziŵiri, naphatikizepo basi, malo ogona ndi masiku ojomba kuntchito. Afunsenso kuti chisoticho chidzakhala cha chipangizo chanji, ndiponso kuti chikasweka m'miyezi yoyamba adzalipira ndani. Dokotala amene ali ndi makina, koma nthaŵi zina amatumizabe ntchito kulabotale, ngwoyenera kumdalira kuposa amene amati makina ake amatha zonse.

Mayi mphunzitsi uja adafunsa mafunso ameneŵa. Dzino lake linali lakumbuyo, losaoneka poseka. Lidabenthukira pamwamba pa nkhama, pamene kamera ikadaona bwino, silinkaŵaŵa usiku, ndipo iye sankakukuta mano. Ulendo wachiŵiri ukadagwera mlungu wa mayeso a ana. Adasankha chatsiku lomwelo, ndipo pofika madzulo chinali chitamatidwa. Pomtsazika, dokotala adamuuza kuti azitsuka pamzere wa nkhama m'maŵa ndi madzulo ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, azipitsa kaulusi pakati pa manowo, ndipo nzimbe azisenda ndi mpeni. Adamchenjezanso kuti pakamwa padzanzi sipanena zoona pa kalumidwe: ngati patapita masiku atatu adzamva kuti chisoticho chikugunda chisanafike anzake, ayenera kubweranso kuti achipale pang'ono, ngakhale ulendowo utalike chotani.