Mankhwala Amene Anaononga Kuposa Mafuta

Lero ndikusimbirani za ngozi ya panyanja ya mchere, ku Mangalande.

Pa 18 Malichi 1967 chombo chotchedwa Torrey Canyon chinagunda thanthwe pafupi ndi Cornwall, chitasenza matani oposa 100,000 a mafuta akuda ochokera ku Kuwait. Mafutawo anatayika nayandama kufikira kugombe, napha mbalame zikwizikwi. Boma linatumiza ndege kukaponya mabomba pa chombocho kuti mafuta otsala apse.

Tsono mvetsetsani apa. Pofuna kuyeretsa gombe msanga, asilikali anathira mankhwala onga sopo ochuluka ndithu, mwina kungogubuduza migolo yake kuchokera pamwamba pa phompho. Mankhwalawo anali aululu. Anapha tinkhono ta m'miyala timene timadya ndere, ndipo ndereyo inawirira ponseponse monga udzu m'munda wosapalira, inu mukuudziwa. Kumene anathira kwambiri kunapita zaka zoposa 10 gombe lisanabwerere mwakale. Kumene sanathire konse, mafunde anatsuka okha miyalayo, ndipo zaka 2 kapena 3 zinakwanira.