Kabatire Kamene Kanaimitsa Ofesi Yonse



Pamene a Mlembi anandilembera kalata yoti ndidzalankhule za ntchito yanga, ndinaganiza zodzakamba zinthu zikuluzikulu monga intaneti ndi makina amakono. Koma nditalingalira bwino ndinaona kuti kuli bwino ndikambe za kanthu kakang'ono kamene kanandichititsa manyazi kuno kwathu ku Mzimba m'chaka cha 2022. Kanthuko ndi batire, kukula kwake kungoposa pang'ono bokosi la machesi.

Monga ena a inu mukudziwa, ntchito yanga m'boma ndi yoyang'anira makompyuta. M'maofesi ambiri muli kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, imene imasunga zonse zimene akalaliki amalemba pa makompyuta awo. M'kati mwa seva muli madisiki angapo ogwira ntchito pamodzi, kotero kuti imodzi ikafa, zolembedwazo zimapezekabe pa anzake. Njira imeneyi imatchedwa RAID, ndipo dzinali linatchuka ndi akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, a Patterson, a Gibson ndi a Katz, m'chaka cha 1988. Woyendetsa madisiki onsewa ndi kachipangizo kotchedwa RAID controller. Ine ndimangokatcha kapitao.

Tsono kapitaoyu ali ndi khalidwe lake. Disiki imachedwa kulemba. Choncho kalaliki akatumiza dzina kapena nambala, kapitao amayamba waisunga m'mutu mwake, m'malo otchedwa cache, nayankha msanga kuti zalembedwa, pamene pa disiki sizinafike ai. Amakazilemba pambuyo pake akapeza mpata. Kachitidwe kameneka ndi kamene timati write-back, ndipo n'chifukwa chake seva imathamanga. Koma vuto lake ndi ili: zimene zili m'mutu mwa kapitao zimafufutika magetsi akangozima. Apa ndi pamene pali ntchito ya kabatire kaja. Magetsi akazima, kabatireko kamagwira zonse zili m'mutumo kwa masiku awiri kapena atatu, kufikira magetsi atabwera, ndipo kapitao amamaliza kulemba. Mwachidule, kapitao amalonjeza, koma wosunga lonjezolo ndi batire.

Batire imeneyi sikhala muyaya. Moyo wake ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo m'chipinda chotentha imafa msanga. Kapitao amaiyesa yekha pakapita miyezi ingapo, ndipo akaona kuti yafooka amasiya kulonjeza. Amayamba kudikira kuti chinthu chilichonse chifike pa disiki asanayankhe. Kumeneko timati write-through. Palibe chotayika, koma ntchito imayenda ngati kamba.

M'mwezi wa November 2021 ndinapita ku ofesi ina pa boma pompano kukayendera makina. Seva inali itayatsa kanyale kachikasu, ndipo nditawerenga uthenga wake ndinapeza kuti batire ya kapitao yatsala pang'ono kufa. Ndinalemba m'kabuku kanga, ndi kunena mumtima kuti ndidzaitanitsa ina chikatha Chaka Chatsopano. Kunena zoona, ndinachita ulesi ndi mapepala ake: kalata yopempha, makoteshoni atatu, masiginecha. Zonsezo kaamba ka kabatire kamodzi! Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Malowo sanayambenso kupanga magetsi mpaka mu 2023. Inu mukudziwa kuti magetsi ambiri amene timayatsa kuno ndi ochokera kutali kumwera, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Choncho ngakhale mvula ya Ana inagwa ku Chigawo cha Kumwera, mdima wake unafika mpaka ku Mzimba. Magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku.

M'masiku omwewo batire ija inafooka ndithu, kapitao nasiya kulonjeza. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anandiimbira foni ndili ku Lilongwe. Anati, “Bwana, makina akuchedwa kwambiri. Anthu adzaza pakhonde, ena achokera ku Embangweni, ena ku Jenda, ena ku Luwerezi. Ndiumirize kapitao azithamanga popanda batire?” Njira yotero ilipodi, ndipo aliyense wophunzira ntchitoyi amachenjezedwa za kuopsa kwake. Koma ine ndinadalira UPS, batire yaikulu ija imene imagwiriza makina onse magetsi akazima, ndipo ndinamuuza kuti achite choncho kwa sabata imodzi yokha. Sindinafunse kuti UPS imeneyo inayesedwa liti.

Pa tsiku lachinayi magetsi anazima masana. UPS, imene inali itatopa ndi kuzimazima kwa magetsi, inangolira kamodzi n'kuzima, jenereta isanalizidwe. Zimene zinali m'mutu mwa kapitao zinapita. Mwina zinali za mphindi zochepa chabe, koma zinali ngati masamba ong'ambidwa pakati pa kaundula, kotero kuti kaundula yense anakana kutseguka. Tinapulumuka chifukwa chakuti tinali ndi kope la usiku wa dzulo lake, limene timati backup. Koma ntchito yonse ya tsiku limenelo inatayika. Anthu anali atapita kwao ndi timapepala tosonyeza kuti athandizidwa, pamene m'makina maina awo munalibe.

Sindidzaiwala mayi wina wachikulire wa cha ku Luwerezi amene tinamuitananso. Sanakalipe. Anangofunsa mwaulemu kuti, “Mwana wanga, nanga kapepala munandipatsa kaja kanali kabodza?” Anali atagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama ya ulendo wachiwiri. Digiri yanga inalibe yankho. Wolakwa sanali mnyamata uja, sanali makina, ndinali ine.

Batire yatsopano itafika, ntchito yoika sinathe ndi ora limodzi lomwe. Ndifotokozeko pang'ono kaamba ka achinyamata amene alowa ntchito imeneyi. Poyamba yerekezani nambala ya batire yatsopano ndi ya kapitao wanu, pakuti mabatirewa sagwirizana onse. Chachiwiri, tengani backup, ndipo muiyese ngati ikutseguka. Madisiki a RAID salowa m'malo mwa backup ai. Chachitatu, sankhani nthawi imene anthu aweruka, muzimitse seva mwa dongosolo lake, kuti kapitao akhuthulire pa disiki zonse zili m'mutu mwake. Zulani zingwe zonse za magetsi, chifukwa maseva ambiri ali ndi ziwiri. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze za m'kati. Chotsani yakaleyo, lumikizani yatsopano, tsekani, yatsani. Musadabwe makina akamachedwabe tsiku limenelo: batire imafuna maora angapo kuti idzaze, ndipo kapitao sabwerera ku write-back isanadzaze. Potsiriza lembani tsiku pa kapepala, mumate pa bokosi. Yakaleyo musaiponye pamoto. Yathu tinaipeza itatupa ngati chitumbuwa.

Maseva atsopano ambiri anasiya batire yotereyi. Ali ndi kachipangizo kotchedwa supercapacitor, kamene kamapatsa kapitao mphamvu ya masekondi ochepa kuti asamutsire zonse m'malo osafufutika. Koma nako kamakalamba, ndipo makina akale akadali ambiri m'maofesi mwathu.

A Wapampando, mwina ena akufunsa kuti nkhani imeneyi ikukhudza bwanji bungwe lathu. Ife ophunzira akale timakonda kupereka mphatso zooneka: makompyuta, masola, pampu ya madzi. Timajambulitsa, timaomba m'manja, timabwerera m'tauni. Koma m'mphatso iliyonse yotere muli kanthu kamene kamatha mwakachetechete, ndipo sitisiya ndi tambala yomwe yodzagulira kena. Pakapita zaka zochepa a Mphunzitsi Wamkulu amatsala ndi chipinda chokhoma, ana n'kumaphunzira kompyuta pa bolodi.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, pa ndalama iliyonse imene tisonkhe yogulira katundu wa sukulu, tizipatula gawo lokonzera, ndipo a Msungichuma azilisunga padera. Chachiwiri, tigule buku limodzi lachikuto cholimba, likhale mu ofesi ya a Mphunzitsi Wamkulu. M'menemo tilembe batire iliyonse ili pa sukulu pano, tsiku limene inaikidwa ndi chaka chimene iyenera kusinthidwa. Bukulo liziwerengedwa pa msonkhano uno chaka ndi chaka, monga timachitira ndi lipoti la zachuma. Ngati msonkhano uvomereza, ine ndikudzipereka kuzungulira ndi aphunzitsi mawa m'mawa ndisananyamuke, kuti tidzaze tsamba loyamba.