MMISIRI WA MATABWA NDI CISAKASA CACE KU KAFUE

Munthu woyenda m'mawa m'makomboni a ku Kafue, monga ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, sacedwa kumva kulira kwa sowo kuseri kwa nyumba zina. Akasuzumira apeza cisakasa ca malata, benci lalitali, ndi mwamuna wobvala pensulo kukhutu alinkupala thabwa. Nkhani ya lero ikamba za amisiri otere, makamaka za mnyamata amene waphunzira nchito ya matabwa, ndipo tsopano afuna kuleka kugwirira ena kuti ayambe yaceyace pakhomo.

Nchito imeneyi si yacilendo ku Kafue. Tauniyi, imene iri pa mtunda wa makilomita opitirira 40 kumwera kwa Lusaka, inamera m'mbali mwa njanji, pamene mlatho wa sitima wotalika mamita 427 unamangidwa pa mtsinje wa Kafue m'caka ca 1906. Mu 1918 a mpingo wa Methodist anatsegula sukulu yao ya Kafue Training Institute, motsogozedwa ndi mbusa John Fell, ndipo anyamata a pa sukulupo, kuwonjeza pa za m'buku, analikuphunzira kulima, kumanga ndi kupala matabwa. Harry Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri wa African National Congress, anaphunzira pomwepo. Pambuyo pace panadza fakitale ya nsaru ndi fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba nchito mu 1970, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa. Nyumba iriyonse ifuna citseko, mazenera, kama, tebulo ndi mipando, cotero mmisiri sanasowepo womfuna.

Malo ogwirira nchito safuna ndarama zambiri. Cisakasa cosadontha, cotseguka mbali imodzi kuti kuwala kulowe, cikwanira. Cinthu coyenera kutayirapo nthawi ndico benci. Likhale lolemera, la miyendo yonenepa, losagwedezeka mmisiri akamapala, ndipo msinkhu wace ufike pa dzanja la mwiniwace ataimirira manja ali pansi. Benci lalifupi lithyola msana, lalitali litopetsa mapewa. Utuci ndi zopalidwa zisesedwe madzulo onse, pakuti pakhomo pali mbaula ndi ana, ndipo khala limodzi likhoza kutha cisakasa ndi nyumba yomwe. Oyandikana nao akumbukiridwenso: nyundo yolira usiku idanitsa munthu ndi anansi amene mawa akadakhala omgula.

Za zipangizo, mnyamata asadzinyenge kuti ayenera kukhala nazo zonse tsiku loyamba. Sowo awiri, wina wong'ambira ndi wina wodulira, puleni, machizulo atatu kapena anai, nyundo, sikweya, tepi, coboolera, tupa, zopanira matabwa ndi mwala wonolera, zimenezi zipanga tebulo labwino lomwe. Mwa zonsezi, cimene anyamata anyoza ndi mwala wonolera, komatu ndiwo mwini nchito. Puleni yobuntha ing'amba thabwa m'malo mwa kulisalaza, ndipo chizulo cobuntha ndico cibaya dzanja, cifukwa munthu acikankha ndi mphamvu mpaka citerereka. Makina a magetsi afulumiza nchito, palibe wokana. Koma m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi analikuzima nthawi yaikuru ya tsiku, amisiri odalira makina okha anangokhala manja ali m'thumba, pamene odziwa sowo ndi puleni ya manja analikumaliza nchito zao. Makina agulidwe pambuyo, ndi phindu loturuka pa benci, osati ndi ngongole.

Komatu cimene cikweza kapena kugwetsa mmisiri wa pakhomo si zipangizo ai, ndi thabwa lenilenilo, ndiponso madzi amene ali m'kati mwace.

Matabwa ofika ku Kafue acokera kutali. Paini, wofewa ndi wotsika mtengo, acokera m'minda ya mitengo ya ZAFFICO ku Copperbelt. Mukwa, umene ku Malawi auchula mlombwa, ndi mukusi wofiira uja wolimba ngati citsulo, zicokera makamaka kumadzulo ndi kumwera kwa dziko. Kale mukusi unalikutengedwa pa njanji yocokera ku Mulobezi kunka ku Livingstone. Amisiri ambiri agula ku msika wa Buseko ku Lusaka, ena kwa ogulitsa a m'tauni momwemo. Tsono wogulitsa afuna ndarama yace msanga, ndipo kawirikawiri thabwa limene aika pa msika linali mtengo wa masamba masabata ocepa apitawo. Thabwa lotere la paini nthawi zina theka la kulemera kwace ndi madzi okhaokha. Thabwa loyenera kupangira katundu wa m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi pafupifupi magawo 12 pa 100.

Madziwo akamaturuka, thabwa lifota. Ndipo silifota mofanana mbali zonse: m'litali mwace silisintha kwenikweni, koma m'mimba mwace licepa, nthawi zina lipindika ngati bwato kapena kung'ambika ku mapeto. Apa ndipo pagona tsoka la mnyamata wofulumira. Agula matabwa Lolemba, apanga tebulo, alipaka vanishi, nalipereka Loweruka liri nyezinyezi. Mwini tebulo akondwera, alipira, aitana ndi anzace kudzaona. Pofika October, dzuwa litakwiya, pakati pa matabwa a pamwamba paoneka mipata yolowa cala, miyendo iyamba kugwedera, ndipo anzace omwe aja ndiwo ayamba kufalitsa mbiri. Tauni ya Kafue si yaikuru. Mmisiri angathe kugula sowo wina, koma dzina loipa liyenda naye ku msika, ku calici ndi ku maliro.

Mankhwala ace ndi apafupi, kungoti afuna kudekha. Matabwa aunjikidwe pamthunzi, pamalo popita mphepo, osati padzuwa, pakuti dzuwa liumitsa khungu msanga m'kati muli madzi, ndipo thabwa lisweka. Pansi paikidwe njerwa ndi mitanda kuti mulu utalikire dothi. Pakati pa thabwa ndi linzace paikidwe timitengo touma, tofanana kunenepa, motalikirana mapazi awiri, ndipo kamtengo kalikonse kakhale molunjika pamwamba pa kanzace ka pansi. Tikaikidwa mwacisawawa, matabwa auma ali okhota. Ku mapeto kwa matabwa kupakidwe utoto wotsala, cifukwa madzi athawira kumeneko msanga. Pamwamba pa mulu patsindikidwe ndi miyala. Azungu a ku maiko ozizira awerengera caka cathunthu pa inci imodzi ya kunenepa kwa thabwa lolimba. M'dziko lotentha ngati Zambia, makamaka m'cilimwe, miyezi ingapo ikwanira, ndipo paini auma msanga koposa.

Nanga mmisiri adziwa bwanji kuti thabwa lauma? Akuru ena aligogoda ndi kumvera kulira kwace, koma khutu lotere lidza ndi zaka. Mnyamata atenge thabwa limodzi la pakati pa mulu, alipime pa sikelo sabata iriyonse, nalembe kulemera kwace pa thabwa lomwelo ndi pensulo. Likaleka kupepuka masabata awiri kapena atatu otsatana, lauma monga momwe mphepo ya nyengoyo ingaliumitsire.

Ngakhale thabwa louma silifa ai, lipumabe. Kafue ali m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa madambo akuru, ndipo m'dzinja cinyezi cicuruka. Citseko copangidwa mu September nkukwana ndendende pa mphuthu cidzakana kutseka mu January, mwini nyumba nadzacimenya ndi phewa. Mmisiri wodziwa asiya kampata pang'ono m'cilimwe, ndipo apaka utoto kapena vanishi mbali zonse, ndi pansi pomwe pa citseko pamene diso silifika. Pa cifukwa cimeneci mukwa ndiwo mfumu ya matabwa: ufota pang'ono cabe, supindika wamba, ndipo upalika bwino. Koma nawonso uli ndi msampha wace. Mtima wace wofiirira ciswe ndi tizirombo toboola sizikonda, pamene mbali yoyera ya kukhungu ndiyo ndiwo yao. Mmisiri woumira, amene asiya coyeraco nacibisa ndi utoto wofiira, apeza pambuyo pace kasitomala alinkumuonetsa ufa wa thabwa pansi pa kabati. Paini ndiye ciswe cimudya monse, cotero asakhudze dothi kapena cipupa ca cinyezi popanda mankhwala.

Pali bvuto limodzi loona pa zonsezi: matabwa ogona pa mulu ndi ndarama zogona, ndipo mnyamata woyamba kumene alibe ndarama zogoneka. Njira yace ndiyo kuyamba ndi tinthu tating'ono ta paini, monga timipando ta kukhichini, mabenci ndi mashelefu, ndipo pa nchito iriyonse imene walipidwa agule thabwa limodzi kapena awiri oonjezera, nawaike pa mulu. Pakutha caka adzakhala ndi nkhokwe yace, ndipo adzayamba kulandira nchito ya zitseko ndi makabati mosaopa.

Pogula, afunsenso za mapepala. Lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula ndi wonyamula matabwa akhale ndi cilolezo ca Boma, ndipo matabwa opanda mapepala angathe kulandidwa panjira, ndarama nkupita. Mukula ndiwo woyenera kuusamala koposa: mu 2017 Boma linaletsa kuudula ndi kuunyamula cifukwa unalikutha m'nkhalango ndi kutumizidwa kunja, ndipo wobwera nawo usiku pa mtengo wotsika sabweretsa mwai. Ku khonsolo ya Kafue nakonso mmisiri akadzionetse yekha ndi kulipira zofunika, asadikire kuti amlondole. Amene ali ndi setifiketi ya mayeso a umisiri ya TEVETA asaisunge m'sutikesi. Masukulu ndi macalici ofuna madesiki ndi mabenci ambiri ayamba kufunsa imeneyo.

Potsiriza pali nkhani ya mtengo wa katundu, imene amisiri ambiri aluso agwa nayo. Mnyamata awerengera matabwa, misomali, guluu ndi vanishi, naiwala ndarama ya galimoto yocokera ku Lusaka, thabwa limene linang'ambika pa mulu, kutha kwa sowo, ndi masiku a thukuta lace. Zonsezi zilembedwe m'kabuku asanachule mtengo. Wofuna katundu apereke cikole cokwanira matabwa, ndipo cikoleco cigule matabwa a nchito yomweyo, cisagule ufa wa pakhomo; amene adya cikole ayamba kupangira munthu wa lero ndi ndarama ya munthu wa mawa, ndipo sacedwa kumabisala m'nyumba makasitomala akagogoda. Za abale ndiye zobvuta kunena pa wailesi. Amalume adzafuna kama pa ngongole, ndipo pakagwa maliro m'komboni anthu adzafika usiku kudzapempha bokosi, mmisiri sangawabweze. Amisiri ena akale asunga padera matabwa ocepa a paini cifukwa ca usiku wotere, kuti pothandiza anamfedwa asagwire mukwa wa kabati imene mwiniwace analipira kale cikole.