Nyama Zimene Zinatsogola Kuthambo, ndi Makanema Amene Tionetsa Ana Athu

(Mau amene mphunzitsi wina wopuma nchito analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi a m'dziko la Mfumu Ndake)

 Munandipempha kuti ndilankhule za makanema a nyama zimene zinaponyedwa kuthambo, popeza masukulu ena tsopano ali ndi kompyuta ndi magetsi a dzuwa, ndipo Lacisanu masana aphunzitsi aonetsa ana kanema. Ndiyamba ndi kuulula colakwa canga.

Caka catha mphunzitsi wina wacinyamata anandiitana kuti ndikathandize kumasulira kanema wochedwa Space Dogs, amene anapangidwa ku Russia m'caka ca 2010. Tisanayambe ndinauza ana kuti galu woyamba kuzungulira dziko lapansi anali Laika. Kanema atatha, ana akali kuseka, mtsikana wina wa m'Giredi 5 anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga Laika uja anabwerako liti?" Ine poona nkhope zao zokondwa ndinati, "Anabwerako bwino, mwananga." Patapita sabata limodzi mlongo wace anafufuza pa lamya napeza zoona zace. Mtsikanayo anakomana nane pa mjigo, nagwada monga mwa ulemu, nati, "Agogo, munatinamiza." Ndaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu, koma sindikumbuka tsiku lina limene ndinasowa mau monga tsiku limenelo.

Akulu amene muli muno mukumbuka bayisikopo. Galimoto la boma linali kufika dzuwa litapendeka, anyamata namanga nsaru yoyera pakati pa mitengo iwiri, ndipo mudzi wonse unali kusonkhana. Ambiri a makanema amene anaonetsedwa m'midzi masiku amenewo anali a Central African Film Unit, bungwe limene linagwira nchito kuyambira 1948 kufikira 1963. Ife ana tinali kuzemba kupita kuseri kwa nsaru kukaona kumene anthu aja anabisala. Ana a lero sapita kuseri kwa nsaru, koma mtima wao uli womwewo: cimene maso aona, mwana acikhulupirira. Pamene agogo anayamba ndi kuti "Padangokhala," ife tinayankha "Tiri tonse," ndipo aliyense anadziwa kuti Kalulu wa m'nthano si kalulu wa kumunda. Kanema alibe "Padangokhala." Mphunzitsi ndiye ayenera kumuikira.

Cifukwa ninji anthu anatumiza nyama poyamba? Ana a Sande Sukulu sabvutika ndi funso limeneli, pakuti adziwa kuti Nowa sanaturuke m'cingalawa asanatumize khungubwi ndi njiwa kukaona ngati madzi anaphwa. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, panalibe sing'anga amene anadziwa ngati mtima wa camoyo ungagunde kumene kulibe kulemera, kapena ngati munthu angameze cakudya kumeneko. Cotero mu February 1947 Aamerika anakweza timbewu ndi tinchenche ta m'zipatso mu roketi ya V-2, imene analanda kwa Ajeremani. Pambuyo pace iwo anasankha apusi ndi anyani, ndipo Arasha anasankha agalu.

Laika anali galu wamkazi wosokera, wotoledwa m'miseu ya Moscow, wolemera makilogaramu 6 okha, wonga agalu athu amene atsata anyamata kokasaka mbewa. Anasankha agalu osokera pakuti anazolowera njala ndi cisanu. Sputnik 1 itaponyedwa pa 4 October 1957, Nikita Khrushchev anafuna codabwitsa cina lisanafike tsiku la 7 November, pamene boma lao linali kukwanitsa zaka 40. Amisiri anali ndi masabata anai okha. Anapanga Sputnik 2 mothamanga, ndipo sanaikemo njira yobwezera galuyo pansi. Onse amene anammanga m'kabokosi kace, roketi isananyamuke pa 3 November 1957, anadziwa kuti sadzamuonanso. Mmodzi wa asing'anga, Vladimir Yazdovsky, analemba pambuyo pace kuti masiku owerengeka roketi isananyamuke anatenga Laika kupita naye kunyumba kuti akasewere ndi ana ace.

Boma la Soviet Union linalengeza kuti galuyo anakhala ndi moyo masiku angapo. Zoona zinaturuka m'caka ca 2002, pamene Dimitri Malashenkov, mmodzi wa amene anagwira nchitoyo, anaulula kuti Laika anafa ndi kutentha patangopita maora asanu kapena asanu ndi awiri. Combo cinapitiriza kuzungulira ndi mtembo wace kufikira 14 April 1958, pamene cinapsa pogwa. Oleg Gazenko, amene anaphunzitsa agalu amenewa, ananena m'caka ca 1998 kuti zimene anaphunzira pa ulendowo sizinali zokwanira kulungamitsa imfa ya galuyo. Taonani, anzanga: dziko lalikuru linasunga bodza limeneli zaka 45, ndipo langa silinathe sabata.

Tsono kanema wa Space Dogs sasimba za Laika, koma za Belka ndi Strelka, amene anakwera pa 19 August 1960, nazungulira dziko tsiku limodzi, nabwerako amoyo. Zimenezo nzoona. Nzoonanso kuti mwana wa Strelka, dzina lace Pushinka, anaperekedwa kwa banja la John Kennedy m'caka ca 1961. Koma m'kanema Belka ndi galu wocita masewera pa cionetsero, agalu alankhula, ndipo ayendetsa okha combo. Agalu enieni anali osokera onse awiri, omangidwa ndi malamba, ndipo anatsagana ndi mbewa, makoswe ndi zomera. Kanema sanena kuti pa 28 July, masabata atatu okha m'mbuyo mwace, agalu ena awiri anafa roketi yao itaphulika. Sanenanso cinthu cimene ine ndiciyesa cofunika koposa kwa mphunzitsi wa sayansi: pozungulira kacinai Belka anabvutika nasanza, ndipo ici cinathandiza kuti asing'anga alamule kuti munthu woyamba azungulire kamodzi kokha. Ndico cifukwa cace Yuri Gagarin pa 12 April 1961 anakhala pa ulendo mphindi 108 zokha. Masanzi a galu anaika malire a ulendo wa munthu.

Makanema a ku America asimba za Ham. Mu Race to Space wa 2001 mnyamata apalana ubwenzi ndi cimpanzi amene amucha Mac. Mu Space Chimps wa 2008 mdzukulu wa Ham apita ku dziko la zolengedwa zacilendo. Waciwiriyu ndi nthabwala zokha, ndipo sindidzataya naye nthawi. Ham weniweni anali Mwafrika mnzathu, wogwidwa ali khanda m'nkhalango za Cameroon ca m'ma 1957. Anamphunzitsa kukoka kacitsulo nyali ikayaka: akacita bwino analandira kanthu ka nthoci, akacedwa anamumenya ndi magetsi pang'ono ku mapazi. Ana a Nyimba, amene makolo ao agulitsa nthoci pa mseu, aseka akamva za malipiro otere, koma za magetsi saseka. Asanakwere anali kuchedwa Nambala 65, kuti akafa anthu asalire nyama yokhala ndi dzina. Pa 31 January 1961 anakwera makilomita oposa 250, nakoka zitsulo zace monga anaphunzira, nagwera m'nyanja patapita mphindi 16 ndi theka. Potero anaonetsa kuti camoyo cingathe kugwira nchito kumwambako, ndipo Alan Shepard anamtsata pa 5 May. Ham anakhala zaka 17 m'khola la zinyama ku Washington, nthawi yambiri ali yekha, namwalira ku North Carolina m'caka ca 1983. Caka comweco David ndi Sheila Siddle analandira cimpanzi wobvulala pa famu yao ya Chimfunshi kufupi ndi Chingola, ndipo pamenepo panayambira malo osungira acimpanzi amasiye a m'dziko lathu lino.

Ana adzakufunsani kuti kuthambo nkutali bwanji. Musawapatse nambala youma. Akatswiri ambiri awerenga kuti thambo liyamba pa makilomita 100 kucokera pansi, ndiwo pafupifupi mtunda wocokera pa Nyimba kufika pa ulalo wa Luangwa. Nyumba ya International Space Station iyenda pa makilomita ngati 400, monga kucokera ku Lusaka kufika ku Petauke. Mwana amene anakwerapo basi pa mseu wa Great East adzadabwa kuti nkufupi cotero. Pamenepo muwauze kuti cobvuta si kutalika koma liwiro: kuti cinthu cisagwe ciyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi, kotero kuti ulendo wa Lusaka ndi Petauke ungathe mphindi imodzi isanakwane. Tengani kacidebe ka madzi, mumange cingwe, mukazunguze pamwamba pa mutu. Madzi satayika. Mukacepetsa liwiro mudzanyowa, ndipo ana sadzaiwala phunzirolo.

Tsopano ndifike kwathu. Mu October 1964, pamene dziko lino linali kukonzekera ufulu, atolankhani a kunja anapeza mphunzitsi mnzathu, Edward Mukuka Nkoloso, pa famu ina kunja kwa Lusaka. Iye anabadwa m'caka ca 1919, anamenya nkhondo yaciwiri m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, anaphunzitsa sukulu, namangidwa ndi atsamunda cifukwa ca ndale. Anayambitsa bungwe lace la Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, nalengeza kuti Zambia idzatumiza ku Mars mtsikana, amphaka awiri ndi mmishonale. Ophunzira ace anawalowetsa m'mgolo wa mafuta nawakunkhuniza pa citunda, nawakwezanso pa katungwe kuti alawe kupepuka kwa thupi. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, ndipo sanalandire. Ife a mishoni tiyenera kumva ici: iye analemba kuti anacenjeza mmishonaleyo kuti asakakamize anthu a ku Mars kulowa Cikristu ngati safuna.

Dziko linaseka, ndipo amphaka aja ndiwo anaseketsa koposa. Koma caka cimodzi m'mbuyo mwace, pa 18 October 1963, Afalansa anakweza mphaka wamkazi, Félicette, makilomita oposa 150, nabwerako wamoyo. Roketi yace inanyamukira pa Hammaguir, m'cipululu ca Algeria, pa nthaka ya Afrika. Patapita miyezi iwiri anamupha kuti apime ubongo wace, ndipo cifanizo ca cikumbutso cace cinaimikidwa ku Strasbourg m'caka ca 2019. Afalansa sanasekedwe. Nkoloso analibe roketi yoti nkuuluka, ndipo mgolo sungaphunzitse munthu za kuthambo. Zimenezo tiuze ana poyera. Anthu atsutsana kufikira lero ngati iye anakhulupiriradi zonse zimene ananena kapena anali kuseka azungu amene anadza kudzamseka. Ine ndiganiza kuti munthu wocenjeza mmishonale wa ku Mars anadziwa bwino cimene anali kucita. Anamwalira m'caka ca 1989. Nuotama Bodomo wa ku Ghana anapanga kanema wamfupi wa nkhaniyi, Afronauts, m'caka ca 2014, koma ngwa akuru, ndipo sindikulangizani kuonetsa ana ang'ono.

Kodi tsono tileke makanema amenewa? Iai. Mwana amene waseka ndi Belka ali wokonzeka kumva za Belka weniweni, ndipo m'mera mpoyamba. Ine ndipempha izi zokha. Muyambe mwaonera nokha kanema musanaonetse ana. Musanayatse kompyuta nenani kuti iyi ndi nthano yomangidwa pa mbiri, ndipo itatha mugawe bolodi pawiri, ana alembe okha zimene ayesa zoona ndi zimene ayesa zopeka. Za imfa ya Laika, ana athu sali osalimba monga ndinawayesera ine. Aona mbuzi ikuphedwa, aona galu wogundidwa pa mseu. Cimene sanazolowere ndico kufunsidwa maganizo ao. Nditabwerera ku sukulu ija kukapepesa, ndinawafunsa ngati kunali koyenera kutumiza galu podziwa kuti sadzabwera. Anatsutsana kufikira belu linalira. Mnyamata wina anati njiwa ya Nowa inali ndi mapiko obwerera nao, koma Laika sanampatse. Ine sindinaganizepo zimenezo.

Pali nkhani imodzi imene sindinaione m'kanema wa ana, ndipo ikanayenera kukhala yathu. Mu September 1968 Arasha anatumiza combo cochedwa Zond 5, cimene cinazungulira kuseri kwa mwezi, nicigwera m'nyanja ya Indian Ocean, nyanja yomwe Luangwa wathu afikako atathira mu Zambezi. M'katimo munali akamba awiri. Anabwerako amoyo, ataonda pang'ono. Anthu oyamba kufika kufupi ndi mwezi, a combo ca Apollo 8, anafikako mu December, Kamba atapita kale miyezi itatu. Nditauza ana zimenezi, mtsikana uja anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Agogo, izinso tikafufuza pa lamya." Ndinamuuza kuti akafufuze.