Zisudzo Ndi Ntchito: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mpikisano wa Masewero ku Nathenje



Gogo Chalo ndi mafumu onse amene mwatilandira m'dera lanu, a khansala, akuluakulu a mipingo ndi zipembedzo, alangizi a zamaphunziro, aphunzitsi amene mwaperekeza ana kuchokera ku Mitundu, ku Kamphata ndi sukulu za konkuno ku Nathenje, oweruza mpikisanowu, makolo anzanga, ndi inu achinyamata eni tsikuli, ulemu wanu nonse.

Okonza mwambowu anandipempha kuti ndinene mawu olimbikitsa ana athu. Ndaona kuti mawu okhaokha sakhalitsa m'makutu, choncho ndikufuna ndikusimbireni za munthu mmodzi amene anaimapo pa nsanja ngati mmene muimire inu lero, ali mwana wa sukulu ngati inu nomwe, mpaka zisudzo zinasanduka ntchito ya moyo wake wonse.

Dzina lake ndi Dunduzu Chisiza Junior, koma dziko lonse linkangoti Du. Anabadwa mu Malichi 1963, ndipo bambo ake sanawaonepo ndi maso. Bambo akewo, a Dunduzu Chisiza a ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, munthu amene dziko linkamudalira pa nkhani za chuma pamene tinkayandikira ufulu wodzilamulira. Anamwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe, pa msewu wa ku Zomba, mu Sepitembala 1962, mwanayu adakali m'mimba. Mu 1967 bambo ake aakulu, a Yatuta Chisiza, anaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma. Ndiye taganizani, makolo anzanga: mwana wamasiye, wosenza dzina limene pa nthawiyo anthu ankayamba acheuka asanalitchule.

Mwana ameneyu anakaphunzira ku sekondale ya HHI ku Blantyre. Masiku amenewo bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa masewero a sukulu chaka ndi chaka, ndipo mu 1982 Du analemba ndi kutsogolera sewero lakelake, The Deceased's Attack, limene linapambana m'dziko lonse. Apa ndipamene ndikufuna achinyamata mutchere khutu. Katswiri amene tikumutchula mpaka leroyu sanayambire m'holo yaikulu ya m'tauni. Anayambira pa mpikisano wa ana a sukulu, pamaso pa aphunzitsi ndi oweruza okhala ndi mapepala m'manja, ngati awa akhala apawa.

Atamaliza sekondale anapita kukaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, m'dziko la America. Ambiri amene ankapita kunja zaka zimenezo sankafulumira kubwerera, makamaka ngati banja lawo linali ndi mbiri yovuta ndi boma. Iye anabwerera mu 1987 n'kukhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre. Chachilendo pa gululi chinali chakuti silinali la anthu ochita masewero akaweruka kuntchito ina. Masewerowo ndiwo anali ntchito. Anthu ankalipira pakhomo, ndalama ya pakhomoyo n'kulipira holo, galimoto, zovala ndi ochita sewerowo. Anthu amalitchula kuti ndilo gulu loyamba m'Malawi muno kuyenda motero. Ine ndinaonerapo Wakhumbata ku French Cultural Centre ku Blantyre, kumene pano kumatchedwa Blantyre Cultural Centre. Chimene chinandikhala mumtima si nthabwala kapena zovala ayi, koma kuti palibe ndi mmodzi yemwe pa nsanjapo amene ankaoneka kuti akufufuza mawu m'mutu. Aliyense ankadziwa poima, polowera ndi potulukira. Zotere sizibwera ndi luso lobadwa nalo lokha. Zimabwera ndi masabata ambiri obwereza chinthu chimodzimodzi mpaka chitakhazikika m'thupi.

Tisaiwalenso nyengo imene ankagwiriramo ntchito. Kuyambira mu 1968 kunali lamulo lakuti sewero lililonse liyambe laonedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku ndi masewero lisanafike kwa anthu. Mawu amodzi okha ankatha kuletsetsa sewero lonse, ndipo masewero ena a Du analetsedwadi. Komabe anapeza njira yonenera zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba. M'sewero ngati Papa's Empire, oonerera ankamva okha kuti nkhaniyo ikuloza kuti, popanda wina kutchula dzina. Analemba masewero oposa 20, kuphatikizapo Fragments, Educating Mwalimu ndi Democracy Boulevard.

Sindinabwere kudzamuyeretsa. Mu 1993, chaka cha riferendamu, Du anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma lomwelo limene masewero ake ankalidzudzula, ndipo ambiri amene ankamukonda anakhumudwa. Mpaka pano anthu amatsutsanabe ngati anachita bwino. Kwa ine, unduna wake unali wa miyezi yowerengeka ndipo ndi ochepa angakuuzeni chimene anasiya ku ofesiko, koma za masewero ake aliyense amene anawaona ali ndi chonena. Anamwalira mu Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35 zokha.

Tsopano mverani ichi. Wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba kuulutsa mu Epulo 1999, patangopita masabata ochepa Du ataikidwa m'manda. Ndiye kuti munthu amene anadzaza maholo kwa zaka zoposa khumi sanaimepo pa kanema wa dziko lake. Mwana wa ku Nathenje amene akufuna kuona mmene Du ankayendera pa nsanja, mmene ankakwezera ndi kutsitsira mawu, sangazipeze mosavuta. Zambiri zinatsala m'mitu ya anthu amene anamuona, ndipo anthuwo tikutha. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndi chifukwa chake ndikukupemphani aphunzitsi kuti sewero lililonse la lero lilembedwe papepala ndi kujambulidwa, ngakhale ndi foni, n'kusungidwa pasukulu. Lisathere pano dzuwa likalowa.

Ntchito ya Du sinafere pomwepo chifukwa anaphunzitsa ena. Mai Gertrude Kamkwatira anatsogolera Wakhumbata iye atamwalira, kenako anayambitsa gulu lawo la Wanna-Do, nalemba masewero awoawo monga It's My Fault, mpaka pamene nawonso anatisiya mu 2006. Atsikana amene muli pano, dziwani kuti mmodzi mwa atsogoleri amphamvu a zisudzo m'dziko muno anali mayi, ndipo sankangopatsidwa mbali ya kulira kapena kutunga madzi m'sewero. Ankalemba, kutsogolera ndi kuyendetsa gulu.

Pali china chimene tiyenera kunena poyera tili kuno kumudzi. Masewero ambiri a Du anali a m'Chingerezi, choncho ankafika kwambiri kwa anthu a m'tauni ndi a sukulu. Amene anafikitsa zisudzo kwa agogo athu ndi gulu la Kwathu, limene linasankha Chichewa. Ndani pano sadziwa Izeki ndi Jakobo? A John Nyanga, amene anali Izeki, anatisiya mu 2016, a Eric Mabedi, amene anali Jakobo, mu 2021, koma awiriwa anayenda ponseponse: pa nsanja, pa wailesi, mpaka pa kanema. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma pobwerera kunyumba ankakambirana za kulanda chuma cha amasiye, za dyera, za mabanja. Pa wailesi ya MBC tinakula ndi Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. A Michael Usi, amene tonse tinawadziwira pa dzina la Manganya m'sewero la Tikuferanji, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu Juni 2024. Za ndale si zanga lero. Ndangotchula kuti kholo limene limati wa zisudzo safika patali liganizenso. Ndipo ku mafilimu khomo latseguka: a Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, filimu ya Lilongwe ya mai Joyce Mhango Chavula inapata mphoto ku Nigeria mu 2016, ndipo The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019 inajambulidwa ku Kasungu, mmene Lily Banda anasewera limodzi ndi akatswiri akunja.

Ndiloleni ndikutengereni kutali pang'ono, ku Ireland, dziko laling'ono limene nalonso linalamulidwapo ndi Angerezi. Kumeneko kunali katswiri wina, Cyril Cusack, amene anabadwira ku Durban, ku South Africa, mu 1910. Anayamba kusewera ali ndi zaka 7, akuyenda ndi mai ake m'gulu la zisudzo lozungulira m'matauni ang'onoang'ono. Ankafika pamalo, kumanga nsanja m'holo iliyonse imene apeza, kusewera, kupasula, n'kupitirira. Mu 1932 analowa ku Abbey Theatre mumzinda wa Dublin, pambuyo pake anasewera m'mafilimu odziwika monga Odd Man Out ya mu 1947, The Day of the Jackal ya mu 1973 ndi My Left Foot ya mu 1989. Anamwalira mu 1993 atagwira ntchitoyi zaka zoposa 70, ndipo ana ake aakazi Sinéad, Sorcha ndi Niamh anatsata mapazi ake.

Kodi Cusack anali ndi luso loposa Du? Ine sindikhulupirira. Kusiyana kwake n'kwakuti Cusack anapeza nyumba yomangidwa kale. Abbey Theatre inatsegulidwa mu 1904, ndipo kuyambira mu 1925 boma la Ireland, lili losauka ndiponso litangolandira kumene ufulu, linayamba kuipatsa ndalama chaka chilichonse. Wa zisudzo kumeneko ankadziwa kumene akagwire ntchito mawa, ndipo wachinyamata ankadziwa khomo lokagogoda. Du ankayenera kukhala mlembi, mphunzitsi, wosewera, wofunafuna holo ndi wowerenga ndalama nthawi imodzi. Munthu mmodzi sangasenze zonsezo kwa zaka 70. Akatswiri athu ambiri amatopa msanga, ena amamwalira ali osauka, ndipo gulu limagwa mwini wake akangogwa.

Ife a ku Nathenje sitingamange Abbey Theatre. Koma pali zimene zili m'manja mwathu, ndipo choyamba n'chowawa kumva: tiphunzire kulipira pakhomo. Timalipira kukaonera mpira wa ku England m'mavidiyo sho a pa msika apa. Timalipira kubenetsa mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa. Koma ana athu akakonza sewero kwa mwezi wathunthu, timafuna kulowa ulere, ena kusuzumira pawindo, ndipo wina akatiuza mtengo timati, "Iii, za ana zomwezi?" Pamenepo ndiye kuti tawauza anawo kuti thukuta lawo n'lopanda mtengo. Inu a mabizinesi a pa Nathenje ndi pa Mitundu, amene mumagulitsa katundu kwa makolo a ana omwewa, simungalephere kugula nsalu ya kumbuyo kwa nsanja kapena kulipira galimoto yopititsa gulu lopambana ku Lilongwe, pamtunda waufupi chonchi. Mafumu athu, inu mumadziwa kale kuti gule sachitika popanda bwalo, ng'oma ndi okonzekera. Dziko lapansi linavomereza Gule Wamkulu kudzera ku UNESCO mu 2005 chifukwa makolo anamusunga mwadongosolo. Tithandizeni kupeza malo okhazikika amene magulu a achinyamata angamakumanepo popanda kuthamangitsidwa.

Kwa mabungwe amene mumagwiritsa ntchito magulu athu pofalitsa uthenga wa zaumoyo, za ukhondo kapena za maukwati a ana, tikuthokoza, chifukwa nthawi zambiri ndinu nokha amene mumawapatsa kangachepe. Koma ndili ndi dandaulo. Masewero ambiri otere amafanana ngati mandasi a m'chiwaya chimodzi: bambo woledzera, mayi wolira, kenako mlangizi amabwera n'kulongosola zonse, sewero latha. Anthu amadziwa mathero ake lisanayambe. Apatseni achinyamatawa mutu, koma asiyeni alembe nkhani ya anthu enieni, okhala ndi zabwino ndi zoipa zomwe. Ndipo alipireni monga mulipirira wina aliyense wogwira ntchito, osati botolo la chakumwa ndi tisheti basi.

Inu achinyamata, nkhani zolemba simukusowa. Mlimi amene wasamalira fodya chaka chonse n'kubwerako ku Kanengo ndi ngongole. Mnyamata wa kabaza amene anakhoza mayeso koma fizi inasowa. Abale amene asiya kulonjerana chifukwa cha malire a munda. Amayi amene amalawirira ndi tomato kumsewu wa M1 kudikira basi ya ku Dedza kuti iime. Zimenezi palibe wa ku Nigeria kapena ku America angazilembe kuposa inu. Koma muzisunga nthawi ya kukonzekera. Muziloweza mawu anu. Muphunzire kulankhula kuti agogo akhala kumbuyo uko amve popanda inu kukuwa. Musamapatse anthu msana. Wina akamalankhula pa nsanja, inu mumvetsereni ngati kuti mukumva koyamba, chifukwa oonerera amaona nkhope ya womvera kuposa mmene mukuganizira. Ndipo sukulu musaisiye. Du anapita kukaphunzira atapambana kale mpikisano wa dziko lonse.

Oweruza athu, weruzani mwachilungamo, ndipo gulu lililonse, lopambana ndi lolephera lomwe, mulifotokozere pamene lachita bwino ndi pamene liyenera kukonza. Makolo, mwana wanu akatsika pa nsanja lero, mupite mukamugwire chanza.

Ndi mawu amenewa, Gogo Chalo, mafumu ndi nonse mwasonkhana pano, ndikulengeza kuti mpikisano wa masewerowu watsegulidwa. Gulu loyamba likonzeke.