Muyeso sugwira pamene pali mantha



Ndapemphedwa kulankhula za m'mene akatswiri amayezera umodzi ndi mtendere wa mumtima pakati pa amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu nkhaniyi siikukomerani, komabe mundimvere mpaka kumapeto.

Kodi umodzi nkuuyeza bwanji poti sukwera pa sikelo? M'chaka cha 1986, McMillan ndi Chavis a ku America adati umodzi uli ndi mizati inayi: kudziona kuti ndiwe mmodzi wa gulu, kumvedwa ukalankhula, kuthandizidwa pa zosowa zako, ndi kugawana chisoni ndi chimwemwe. Ofufuza amapanga mafunso otere, munthu nkumayankha ngati akuvomereza kwambiri, pang'ono, kapena akukana.

Pa 17 May 1990, bungwe la zaumoyo la WHO lidachotsa chikondi chotere pa mndandanda wa matenda. Mu 2003 Ilan Meyer adalongosola kuti chimene chimadwalitsa maganizo a anthuwa ndi kusalidwa, kuopa kukanidwa ndi kukhalira kubisala. Mu 2012 iye ndi David Frost adafalitsa zomwe adapeza pa anthu 396 a ku New York: omwe adali omangika kwa anzawo adalinso ndi mtendere wochulukirapo. Paja akulu adati kali kokha nkanyama. Inu amene mudathawira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukudziwa chomwe khomo la mnzako limachita ukakhala wopanda kwanu.

Tsono vuto lili kwathu kuno. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango cha zaka 14 kundende, ndipo mu June 2024 khoti lidagamula kuti lamuloli likhalebe. Munthu woopa ndende angauze zoona mlendo wonyamula pepala? Oyankha amakhala a m'tauni amene ali kale ndi anzawo. Amene ali yekha kumudzi sawerengedwa, choncho chithunzi chimatuluka chokongola kuposa zenizeni.

Izi sizachilendo kwa ife. Kwa zaka zambiri tinkamva kuti aMalawi onse ali pambuyo pa chipani chimodzi. Pa 14 June 1993, anthu atavota mwachinsinsi, oposa 60 mwa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri.

Kotero ndikupempha ofufuza kuti asalembe maina, asunge mapepala pobisika, ndipo afikenso kumidzi. Enafe tisanaweruze, tiyambe tamva mayankho awo.