Tirigu Wosakaniza ndi Mankhusu



Mawu oyamba a Lamulungu lino la 25 pa chaka achokera m'buku la mneneri Amosi, mutu 8. Amosi anali mbusa wa ku Tekowa, ndipo analalika m'masiku a mfumu Yerobowamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Ambuye Yesu asanabadwe. Iye akudzudzula amalonda amene ankachepetsa miyeso, kupotoza masikelo ndi kugulitsa kwa amphawi tirigu wosakaniza ndi mankhusu.

M'dzinja lapitali mnyamata wina wa kabaza wa ku Chinsapo anafika ku parishi akukankha njinga yake yamoto. Anali atathira petulo pa malo ena ogulitsira mafuta, mvula itavumba usiku wonse. Asanapite patali injini inayamba kutsamwa, kenaka inazima. Makaniko atakhuthulira mafutawo m'botolo loyera, madzi anatsika pansi, petulo nakhala pamwamba, pakuti madzi ndi olemera kuposa petulo. Njingayo si yake. Amalipira mwini wake tsiku ndi tsiku. Masiku atatu sanagwire ntchito, ndipo kwao anagona ndi njala. Titamufunsa ngati anakadandaula, anayankha kuti iye ndi munthu wamba, wangozisiya m'manja mwa Mulungu.

Akristu anzathu, kukhululuka ndi lamulo la Ambuye, koma kukhala chete pamene ena akupita kukagwa m'mbuna yomweyo si chikhululukiro. Pambuyo pa mnyamatayo panabwera minibasi, ndipo mwina panabweranso galimoto lonyamula wodwala kupita ku Kamuzu Central Hospital. Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzi amalowa m'thanki ya pansi pa nthaka ngati yabooka kapena chivundikiro sichinatsekedwe bwino. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka madzi. Apa mwini malo angakhale wosadziwa kanthu. Koma alipo ena amene amathira dala parafini m'mafuta kuti achuluke, makamaka pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012, pamene ambiri tinkagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Amenewa akuchimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba.

Nanga mkristu achite chiyani? Choyamba, pogula mafuta tizipempha risiti ndi kulisunga. Injini ikavuta, tisaikakamize. Makaniko atunge mafuta pang'ono m'botolo loyera, tilitseke, tilembepo tsiku, nthawi ndi pampu imene tinathirapo. Kenaka titsate njira imene Ambuye atiphunzitsa pa Mateyo 18: tiyambe taonana ndi mkulu wa pamalopo mwaulemu, ndipo akakana kumva tibwererenso ndi mboni. Pambuyo pake tikatule nkhaniyo ku bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndipo ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta. Liliponso bungwe la Malawi Bureau of Standards, la 1972, loyesa ubwino wa katundu ndi miyeso. Ngakhale mwini malo atatibwezera ndalama, tiwadziwitsebe, kuti thankiyo iyesedwe ena asanavulale.

Koma tisamale ndi lilime. Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa umboni wonama. Tisafalitse dzina la munthu pa WhatsApp tisanapeze chenicheni, ndipo tisakalipire mtsikana wothira mafuta, amene sadziwa za m'thanki.

Mu 1992 maepiskopi athu analemba kalata ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi athu onse pa 8 March, pa nthawi imene kulankhula kunali koopsa. Ife tingaope bwanji kunena za botolo limodzi la petulo? Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, perekezani osauka ku maofesi amenewa, ndipo muwalembere kalata amene satha kulemba. Inunso akristu ogulitsa mafuta, makala kapena ufa, kumbukirani Mthenga Wabwino wa lero: kukhulupirika kumayamba pa zinthu zazing'ono.

Mulungu Atate, mutipatse mtima wolimba wonena zoona, ndi mtima wofatsa wozinena mwachikondi. Amen.